Sunga Khosi, Mkanda Uoneka

Mwambi uwu ndinayamba kuumva pakamwa pa agogo anga aakazi. Tinali pakhonde kumudzi, ndipo mtsikana wina wapachibale ankalirira chitenje chonga chimene mnzake anapatsidwa ndi mwamuna wongodutsa m'mudzimo. Agogo sanamukalipire. Anangomugwira pakhosi ndi zala ziwiri, monga amachitira poyesa dzungu ngati lakhwima, nati: "Sunga khosi mwanawe, mkanda uoneka." Ine pa msinkhu umenewo ndinkati ndi nkhani ya atsikana ndi zodzikongoletsera zawo. Sindinkalota n'komwe kuti tsiku lina mawu omwewo adzatuluka m'kamwa mwanga, imvi zili mbuu, nditakhala pabenchi m'kashopu kamalata ku Ndirande, nkhani yake ili ya kompyuta.

Amene anandifikitsa kumeneko ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe ndimakhala naye ku Chilomoni. Mwana ameneyu anakulira m'timashopu ta magemu, tija timabisala kuseri kwa misika, tolowa chowerama. M'kati mumapezamo TV ziwiri, PlayStation yotopa, padi yomangidwa ndi tepi, ndi chigulu cha anyamata opanikizana ngati nkhuku za pamsika. Wopambana amatsala pampando, wogonja amapereka padi kwa wotsatira. Ndalama yonse ya mandasi inkathera kumeneko, pa FIFA. Atalemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 2023, anapeza ganyu yotayipa ndi kupanga fotokope cha ku Ginnery Corner, komwe ophunzira a ku MUBAS amadzaza ndi mapepala awo, ndipo analowa chipereganyu ndi anzake atatu. Madzulo ena tikudya anatulutsa pepala lopindapinda m'thumba.

"Ankolo, ndikufuna kompyuta yangayanga ya magemu. Koma sindigula yathunthu ayi. Ndizigula ziwalo chimodzichimodzi, ndidzalumikiza ndekha."

Pepalalo ndinaliwerenga kawiri. Pamwamba penipeni, m'zilembo zikuluzikulu, panali graphics card, khadi lomwe limajambula zonse zooneka pasikirini. Pansi pake panali bokosi la mbali yagalasi, mafani oyaka mitundu ya utawaleza, ndi kiyibodi yosinthasintha kuwala. Kumapeto kwenikweni, pomwe pepala linayamba kung'ambika, analemba kuti: "Power supply, iliyonse." Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa, za mawaya sindizidziwa. Koma mndandanda wa mikanda ndimauzindikira ndikauona. Poti safunsa anadya phula, Loweruka linalo tinakwera minibasi, tonse awiri ulendo wa ku Ndirande.

Mmisiri amene tinamupeza ndi bambo wa msinkhu wanga. Anayamba ndi mawailesi, nadzafika pa ma DVD, kenako mafoni, lero malaputopu. Patebulo pake pali kachitsulo kowotcherera mawaya, mswachi wakale wochotsera fumbi, botolo la sipiriti, ndi zitini za majarini zodzaza timasikuluwu. Kunja phokoso la osula mbaula ndi zidebe silileka. Analandira pepala lija, nalitembenuza chadodolido osaliwerenga, n'kuyamba kufunsa ngati nkhoswe yofuna kudziwa mtundu wa mkamwini.

"Ukufuna kusewera chiyani, mwanawe?"

"Chilichonse, akulu."

"Chilichonse ndi gemu ya anthu olemera. Tchula maina."

Mphwanga anatchula eFootball, ija kale inkatchedwa PES, ndi EA Sports FC, dzina latsopano la FIFA kuyambira 2023, komanso GTA V. Mmisiri anaseka. GTA V inafika pa kompyuta mu 2015, ndipo makina ambiri otsika mtengo amaiyendetsa popanda kutuluka thukuta. Anafunsanso za sikirini, ndipo yankho linali lakuti ndi yakale ya muofesi, yosapitirira 1080p. Ndiye khadi lodula lija lidzajambulira ndani zokongola zake zonsezo? Kuli ngati kugula ng'ombe yathunthu uli ndi kampoto kophikira therere. Funso lachitatu ndi limene linamudabwitsa mnyamatayo: "Magetsi akwanu ndi otani?"

Asanafike pa yankho la funso limenelo, anatiphunzitsa kaye za ukwati wa ziwalo. Bokosi lonse lija anthu timangoti CPU, koma CPU yeniyeni ndi kachitsulo kakang'ono ngati bisiketi, purosesa, ndipo sikakhala pa motherboard iliyonse. Purosesa ya AMD ya soketi ya AM4 singalowe pamalo a Intel, ndipo ngakhale za Intel zokhazokha zimasiyana malo potengera m'badwo. RAM nayo ili ndi mitundu, DDR3, DDR4 ndi DDR5, uliwonse uli ndi kampata kake pamalo osiyana kuti usalowe pomwe si pake. Ukaukakamiza uthyola. Munthu ukhoza kugula ziwalo zisanu zabwino zokhazokha, zonse zamoyo, n'kukhala nazo pamphasa zikungoyang'anana ngati alendo a pamaliro.

"Ndiye pali bodza lina lotchuka m'tauni muno," anatero, akundiyang'ana ine. "Madala, inu mfunda wanu ndani?"

"Ndine Phiri."

"Eya. Kodi a Phiri onse ndi amphamvu zofanana? Alipo a Phiri oyendera ndodo, alipo a Phiri othamanga ku Kamuzu Stadium. Core i7 ndi mfunda chabe. Wogulitsa akakuuzani kuti ndi i7, mufunseni kuti wabadwa liti."

Anatenga choko n'kulemba pathabwa: i7-2600 ndi i3-12100. Yoyambayo ndi ya 2011, yachiwiriyo ndi ya 2022, ndipo pa magemu i3 yatsopanoyo imaisiya kutali i7 yokalambayo. Manambala oyambirira pambuyo pa kamzere ndiwo amanena m'badwo. Ndipo m'badwo uli ndi ntchito inanso: Windows 11 imalandira mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pomwe Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kusamalira Windows 10. Wogula mfunda osafunsa zaka amakwatira nkhalamba yodzola mafuta.

Kenako anawerama, natulutsa khadi m'katoni ya pansi pa tebulo. Linali lokongola, la mafani awiri, litalembedwa kuti GTX 1050 Ti. Mnyamata wina wa ku Bangwe analigula kwa munthu amene anakumana naye pa gulu la WhatsApp, pa mtengo womwe unkaoneka ngati mwayi wogwa kumwamba. Linkayaka ndithu, koma gemu ikangofika pokoma, zonse zinkaima. Mmisiri analiyesa ndi kapulogalamu kotchedwa GPU-Z, kenako anamasula fani, napukuta mafuta ouma pamwamba pa kachipangizo ka pakati. M'kati munali mtima wa khadi lakale la GTS 450, la m'chaka cha 2010, lomwe akathyali analiphunzitsa kunama dzina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsayo nambala yake inali itasiya kupezeka.

Palinso makhadi ena enieni koma otopa. RX 580 ya 8GB, yomwe inatuluka mu 2017, inagwira ukapolo m'mashedi a anthu okumba ndalama za pa intaneti, ikuyaka usana ndi usiku kwa zaka. Ndalama ya Ethereum itasiya njira yokumba ija mu Seputembala 2022, makhadi amenewa anakhuthukira pamsika wa dziko lonse motchipa, ena n'kufika kuno m'zikwama za obwera ku Joni kudzera pa Mwanza. Si onse oipa, anatero mmisiri, ndipo ambiri akutumikirabe. Koma khadi logwiritsidwa kale ntchito umaligula monga amayi amagulira kaunjika ku Limbe: amatambasula malaya padzuwa, kuyang'ana m'khwapa, kukoka zipi katatu. Uliike m'makina wogulitsa ali pomwepo, uyatse gemu kwa theka la ola, umvetsere kulira kwa mafani, uone ngati sikirini ikutulutsa timadontho tachilendo. Wokana kuti uyese wakuuza kale zonse.

Pamenepo m'pamene anatembenuza pepala la mphwanga, naika chala pa mzere womaliza uja. Anatenga tizibokosi tiwiri tachitsulo, nandipatsa kena kudzanja lamanja, kena kumanzere. Tonse tinalembedwa 500W. Kena kanali kolemera ngati njerwa, kena kopepuka ngati chitini chopanda kanthu.

"Madala, muuzeni mwana wanuyu kuti kabodza ndi kati."

Power supply ndi imene imalandira magetsi a 230V a pakhoma, n'kuwasandutsa 12V, 5V ndi 3.3V zomwe ziwalo zimadya. Sioneka pa chithunzi, siyaka mitundu, palibe mnyamata amene amaitchula podzitama kwa anzake. Koma chiwalo chilichonse chimayamwa kwa iyo. Yabodza ikatopa siifa yokha, imatenga motherboard, nthawi zina ndi khadi lomwe, ngati mfumu yakale yoikidwa m'manda ndi antchito ake. Yabwino imakhala ya kampani yodziwika, ili ndi chizindikiro cha 80 Plus, kusonyeza kuti pa magetsi onse omwe yakoka, osachepera 80 pa 100 alionse amafika ku ziwalo m'malo mosanduka kutentha. Imakhalanso ndi chitetezo chodzizimitsa zinthu zikasokonekera.

Ndipo ife a ku Blantyre tili ndi chifukwa chapadera cholemekezera kabokosi kameneka. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo panatha chaka ndi miyezi makinawo asanabwerere. Tonse tikukumbukira masiku amenewo, ndi mfuu ya ana ija yoti "Ayakaaa!" yomwe imayambira ku Nthukwa n'kukamveka mpaka kutsinde kwa Michiru. Koma mphindi yomwe ana akukondwerayo ndi imene zipangizo zimaopa, poti magetsi pobwera safika mwaulemu nthawi zonse. Onjezanipo ziphaliwali za dzinja, ndi nyumba zathu zalendi momwe soketi imodzi imadyetsa firiji, ayironi ndi hotipuleti, waya wa earth osadziwika ngati ulipo. Choncho pa mndandanda panalowa zinthu zomwe mphwanga sanaziganizire: chotetezera magetsi chapakhoma chonga chija timaikira firiji, ndipo ndalama zikadzalola, UPS yopatsa mphindi zochepa zozimitsira makina bwinobwino. Mmisiri anatikumbutsanso za mayunitsi. RX 580 payokha imatha kukoka mawati 185, ndipo wogula mayunitsi m'nyumbamo ndine.

Ndinapezeka ndayankhula osakonzekera: "Sunga khosi, mkanda uoneka." Mmisiri anawomba m'manja kamodzi. Mphwanga anayang'ana pansi.

Njira zopezera kompyutayo zinali ziwiri. Yoyamba, kugula kompyuta yakale ya muofesi, Dell OptiPlex kapena HP ProDesk, zija zimabwera zambirimbiri maofesi akunja akazitaya, n'kuikamo khadi laling'ono ngati GTX 1650, lomwe limakhutira ndi mawati 75 ochokera pa motherboard pomwepo. Imeneyi ndi yachangu ndi yotchipa, usiku womwewo ukusewera. Koma ili ngati nyumba yalendi: power supply yake ndi yaing'ono, mapulagi ake ndi a mtundu wakewake, bokosi ndi lopanikiza, sungaonjezere chipinda. Yachiwiri, kumanga pa maziko ako: motherboard ya AM4, purosesa ya Ryzen 5 5600G ya mu 2021, yomwe ili ndi mitima 6 ndi mbali yojambula zithunzi m'kati mwake momwemo, kotero kuti imasewera magemu opepukirapo popanda khadi konse. Pamenepo uikepo RAM ya DDR4 timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB, chifukwa purosesa yotereyi imabwereka RAM pojambula ndipo imathamanga bwino ikamatunga ndi manja awiri. SSD m'malo mwa hard disk yozungulira, power supply yoona ya mawati 550, ndi bokosi wamba lolowa mphepo. Malo a khadi atsale opanda kanthu, kudikira tsiku lake.

Mphwanga ankafuna zonse ziwiri: kusewera lero ndi kumanga za mawa. Koma mapanga awiri avumbwitsa, ndipo thumba lake linali la phanga limodzi. Tili mu minibasi pobwerera, titadutsa pa Clock Tower, ananena chapansipansi kuti asankha yachiwiri.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pomwepa, mkulu atanena mwambi, mwana atamvera. Koma mwambi ukatuluka pakhonde la agogo n'kulowa m'tauni umakumana ndi zinthu zomwe agogo sanazione. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse, ndipo dola ku banki inafika pa K1,700. Palibe chiwalo cha kompyuta chopangidwa kuno. Chilichonse chimagulidwa ndi dola kapena randi, ndipo ogulitsa anasintha mitengo sabata yomweyo. Ndalama ya chipereganyu yomwe mphwanga anali atangolandira, yomwe dzulo lake ikanagula purosesa ndi motherboard, tsopano inkakwana chimodzi chokha. Anafika kunyumba osalankhula, nsima anangoitsina. Kenako anati:

"Ankolo, khosi ndasunga. Koma mkanda wanuwo ukuthawa."

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinaganiza za momwe ife akuluakulu timagwiritsira ntchito miyambi ya kudekha potseka pakamwa ana, ndi momwe olemera amaigwiritsira ntchito potseka pakamwa osauka. Dikira, zako zili m'tsogolo. Koma m'dziko lomwe ndalama imasungunuka uli chiigwirire, kudikira chabe si nzeru. Makolo omwewo anatinso zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinazindikira kuti mwambi wa agogo sunena kuti khala pansi upinde manja. Mneni wake ndi "sunga", ndipo kusunga ndi ntchito. Wosunga mbewu amaiyanika, amaipaka phulusa, amaiyendera kuti anankafumbwe asalowe.

M'mawa tinakonza dongosolo lina. Ndalama isagonenso m'thumba, isanduke chitsulo. Koma osati mwachisawawa. Ziyambe ndi ziwalo zosakalamba msanga ndi zosasankha mnzake: power supply, bokosi, SSD. Purosesa, motherboard ndi RAM zidzagulidwe pamodzi kapena motsatizana kwambiri, kuti ziyesedwe wogulitsa akadakukumbukira nkhope, chifukwa chiwalo chogona m'kabati miyezi isanu chikadzapezeka chakufa palibe amene adzakumvere. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma nkhuni zake uzitola zoti zidzamangika ndi luzi limodzi.

Chiyeso chachikulu chinabwera mu Febuluwale. Mnzake wa ku Zingwangwa ankagulitsa RX 6600, khadi labwino la 8GB losadya magetsi ambiri, ndipo ankafuna ndalama sabata yomweyo. Mphwanga anabwera ndi nzeru: pali bambo wina wa katapila amene angamubwereke, kubweza mwezi ukatha ndi theka pamwamba. Apa ndiye ndinakumbukira mbali ina ya mikanda imene agogo sankaitchula. Mikanda yagalasi sinkapangidwa kuno. Inkabwera ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja yamchere, pamodzi ndi nsalu ndi mfuti, monga momwe makhadi awa akubwerera lero kuchokera kutsidya. Ndipo m'zaka za m'ma 1800, m'dera lomwe lino la mapiri a Shire, zinthu zimenezi zinkasinthanitsidwa ndi minyanga, komanso ndi anthu. Alipo amene anavala mikanda chifukwa khosi la mnzawo linalowa m'goli. Sindikunena kuti mwambiwu unabadwira pamenepo. Ndikungoti m'dziko lino mkanda ndi khosi zinakumanapo pamsika, ndipo tikudziwa chimene chinaluza. Ngongole ya katapila ndi goli lodziveka wekha. Ndinamuuza zimenezi, ndipo anakwiya nane masiku atatu. Khadi lija linagulidwa ndi wina wa ku Machinjiri.

Tinalumikiza makinawo mu Juni 2024, tsiku la chiperoni, nkhungu itaphimba Michiru. Tinayala nyuzipepala patebulo lodyera. Mphwanga anayamba wagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi achoke, monga anamulangizira mmisiri. Anatenga purosesa m'mbali mwake ndi zala ziwiri, naitembenuza kuti tione timiyendo take tagolide, tambirimbiri ngati ubweya wa chitedze, toti kamodzi kakapindika ndiye kuti miyezi itatu ya fotokope yapita. Pakona pake pali kachizindikiro ka makona atatu, ndipo pa soketi palinso kena. Anazilunjikitsa, naisiya kuti igwere yokha osaikankha, natsitsa kachitsulo kotsekera. Ndinaona kuti wasiya kupuma. Anadontheza mafuta oziziritsa ochuluka ngati kambewu ka nandolo, namanga fani mopingasa, sikuluwu iyi pang'ono, ya kutsidya pang'ono. Timawaya ta batani loyatsira tinamuvuta kwa theka la ola, ine nditamuunikira ndi tochi ya foni, iye akuwerenga kabuku ka motherboard ngati wophunzira katekisimu.

Anadina batani. Zii. Anadinanso. Zii. Nkhope yake inagwa ngati ya munthu wolandira uthenga wa maliro. Mlongo wake wamng'ono, amene ankaonerera ali pakhomo ndi chikho cha tiyi, anafunsa kuti, "Nanga kaswitchi kali kumbuyoko n'kachiyani?" Kanali ka power supply. Atakadina, fani inazungulira, sikirini inaphethira, ndipo zilembo zoyera zinaoneka. Mnyamata wa ndevu zake analumpha ngati mwana wa sitandade 1.

Makinawo sakongola. Bokosi lake ndi lakuda bii, lopanda galasi, lopanda utawaleza. Mpira amasewera atatsitsa zokongoletsa, udzu wa m'bwalo suoneka tsamba lililonse, koma chigoli chikalowa phokoso lake ndi lomwe lija la kuseri kwa msika. Masana makina omwewo amatayipa makalata ofunsira ntchito, amakonza makadi a ukwati ndi mapositala a kwaya, ndipo kandalama kake kamalowa m'chitini cholembedwa kuti "khadi". Chitinicho chatsegulidwapo kawiri, ulendo wina pa fizi ya mlongo wake, ulendo wina pogula UPS. Sindinamuuze ndine kuti atero.

Loweruka lililonse amatsegula mbali ya bokosi n'kuchotsa fumbi la Chilomoni ndi kaburashi kopentera. Pakati pa motherboard pali mpata wautali wopanda kanthu, pomwe khadi lidzakhale. Amaupukuta nawonso, mosamala, ngati munthu wosesa chipinda cha mlendo amene sanatchule tsiku lobwera. Akamaliza amatseka, nayatsa, ndipo asanakhale pansi amapisa dzanja kumbuyo kwa bokosi, n'kugwira kabokosi kolemera kaja ndi zala ziwiri kuti amve ngati kakutentha. Agogo anga sanawaonepo, anamwalira iye asanabadwe. Koma kagwiridwe kake ndi komwe kaja.